Madzi a ku Kariba Amapita Kuti?

Mu 2024, caka ca cilala cija, malaiti anali kupita m'mamawa n'kubwera pakati pa usiku. Ana anga a giredi 8 kuno ku Lusaka anali kuwerengera pa kandulo. Tsiku lina ndinali kuwafotokozera kuti tili mumdima cifukwa madzi acepa m'damu la Kariba. Mtsikana wina wokhala kumbuyo, wosalankhulalankhula, anaimika dzanja. "Madamu, madzi aja akapanga malaiti, amatha kapena amapita kuti?"

Anzake anaseka. Ine ndinayang'ana nthawi, ndinati, "Ico sicibwera pa mayeso. Kopani manotsi." Anatsitsa dzanja, ndipo panapita masabata atatu asanaliimikenso.

Bodza sindinanene. Kuyambira 2022, pamene boma linacotsa ndalama za sukulu, ana amakhala atatuatatu pa desiki imodzi. Silabasi ndi yaitali, ndipo makolo amene amagulitsa tomato pamsika kuti agule yunifomu amafuna mwana apase. Mphunzitsi wotaya nthawi amawalakwira. Nanga n'cifukwa ciani mtima unanditsutsa?

Tinakula ndi miyambi iwiri yooneka ngati ikokana. Wina umati safunsa anadya phula. Wina umati mau a akulu akoma akagonera. Kunyumba timakonda waciwiriwu, ndipo mwana wofunsafunsa timamucha wamwano. Koma ndaona kuti mwana amafunsa munthu amene amamukhulupirira. Mtsikana uja anandiyesa wamkulu wodziwa njira. Ulemu anapereka ndi iye. Amene ndinaubweza ndine.

Pali cinanso cimene ndinacedwa kuvomera. Sindinamuletse cifukwa ca nthawi cabe. Yankho ndinalibe pakamwa, ndipo ndinaopa kuoneka mbuli pamaso pa ana, ine wa digiri. Mayeso ndinangobisalako.

Ndinakawerenga, ndipo Lolemba lina ndinabwera ndi botolo la pulasitiki lobooledwa pawiri, kumwamba ndi kumunsi. Titathiramo madzi, a pa bowo la kumunsi anatuluka mwamphamvu kuposa a kumwamba. Pamene madzi anali kucepa m'botolo, mphamvu ija nayo inali kufooka. Ndinawauza kuti Kariba, amene anamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, amagwira nchito cimodzimodzi. Madzi satha ai. Amagwa kucoka pamwamba, n'kuzungulitsa makina, kenako n'kubwerera mumtsinje wa Zambezi. Akafika ku Cahora Bassa ku Mozambique amapanganso malaiti, ndipo pothera pake amakalowa m'nyanja ya mcere.

Ndinamuchula dzina mtsikana uja pamaso pa onse, ndinati funso lake linali labwino, ndipo ine ndinalakwa. M'kalasi munati zii. Ana athu sanazolowere kumva wamkulu akupepesa.

Kucoka apo ndinaika citini pa tebulo. Aliyense amaponyamo kapepala ka funso, osalembapo dzina, ndipo Lacisanu timatolapo awiri kapena atatu. Ena ndimayankha, ena ndimawauza kuti akafunse agogo awo kapena amakanika a pafupi ndi kwawo, abwere atiuze. Mtengo wake ulipo: nthawi zina ndimatsalira pa silabasi, ndipo akulu a dipatimenti anandikumbutsapo kawiri. Sindinganene kuti alakwa. Nawonso amaganizira ana omwewa.

Koma mwana amakhala nafe zaka zocepa, pamene manotsi amawaiwala atangotuluka m'cipinda ca mayeso. Akadzakula adzakumana ndi dokotala, bwana pa nchito, wandale wofuna voti. Ngati ndinamuphunzitsa kuti dzanja loimika limabweretsa manyazi, adzadya phula kambiri, ndipo mbali ina ya mlanduwo idzakhala yanga.

Lacisanu lapitali ndinatola kapepala kolembedwa ndi dzanja limene ndimalidziwa bwino. "Madzi akafika m'nyanja ya mcere, ndani amawakwezanso kumwamba?" Ndinayang'ana kumbuyo. Anali ataimika kale dzanja, akufuna kuyesa kuyankha yekha.