Dzimbiri Siliimba Ng'oma

Achinyamata inu a kwa Pembamoyo, tcherani khutu. Mvula ikakata mu Epulo, mapulawo angati amagona kumunda mpaka Novembala? Mumamasula ng'ombe, chitsulo n'kuchisiya pamzere chili ndi dothi lonyowa. Dzimbiri limangofuna zinthu ziwiri, chinyezi ndi mpweya, ndipo inu mumalipatsa zonse ziwiri mwaulere. Chakudza sichiimba ng'oma. Silifulumira, silipuma, silidziwa Lamulungu. Inu mukugona, ilo lili pantchito. Tsiku lolima likafika, bawuti yakana kumasuka, mukuyamba kunyoza wogulitsa ku Chipata. Walakwa ndani?

Feteleza ndiye amalipatsa mphamvu zoposa. Yuriya ndi D Kompaundi zimakoka chinyezi, ndipo zikakhudza chitsulo chimadyeka msanga. Koma taonani mnyamata wanyamula thumba pakaliyala ya njinga kuchokera kudepoti, wafika, watsitsa, wapita kukaonera mpira. Kutsuka ngolo kapena kupukuta tcheni n'kudontheza oyilo, kodi ndi ntchito yofuna sukulu? Ndi ulesi basi, ndipo ulesi umalipiritsa ndi matumba a soya.

Tsono musaganize kuti kudyeka konse n'koipa. Malata amene makolo anu anagula ndi ndalama za fodya ndi thonje amakutidwa ndi zinki, mtundu wa chitsulo umene unkakumbidwa ku Kabwe mpaka mgodi unatsekedwa mu 1994. Zinkiyo amayamba kudyeka yekha kuti chitsulo chapansi chipulumuke. Ngakhale lata litakandika pang'ono, zinki wa m'mbali amatetezabe pakandikapo. Amatha mwakachetechete, zaka ndi zaka, banja likugona pouma, ndipo palibe amamuthokoza. Umo ndi mmene anatherera amayi anu ndi atate anu kuti inu muphunzire. Nanga inu, amene mumafuna kutamandidwa pakantchito kalikonse, munadziperekapo chifukwa cha ndani? Poto wa aluminiyamu nayenso amachita kakhungu kopyapyala komuteteza, ndipo mkuwa wathu ukabiriwira pamwamba, m'kati umakhala bwinobwino.

Pamjigo ndiye pamandiwawa mtima. Mapaipi achitsulo a mijigo ya India Mark II amadyeka pansi pomwe diso silifika. Madzi a m'mawa akayamba kutuluka ofiirira ndi fungo la chitsulo, mjigowo ukukuchenjezani. Akomiti akapempha chopereka, mumaseka kuti madzi akutulukabe. Paipi ikabooka, alongo anu ndi amene amabwerera kudambo ndi zigubu pamutu. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma kodi mpaka mwana atsekule m'mimba ndiye mumve?

Chaka chino, musanakwere galimoto yopita ku Mkaika kukaona Kulamba mu Ogasiti, tengani pulawo ndi makasu, mutsuke, muumitse padzuwa, mupake oyilo wakutha, muike pansi pa denga. Chopereka cha mjigo kaperekeni sabata ino.