Kwa ana anga ofuna mwana m'makomboni a Lusaka

Ana anga a ku Kanyama, ku George ndi ku Matero, inu amene mwangolowa kumene m'banja, khalani pansi timvane. Kumalangizo munauzidwa za ulemu kwa apongozi, za kuphika ndi za kuchipinda. Nkhani ya momwe thupi limakonzekerera mwana nthawi zambiri imatsalira, poti aliyense amangoti mwana ndi mphatso ya Mulungu. Ndi mphatso ndithu, koma pali mbali imene Mulungu anaisiya m'manja mwanu, ndipo anaisiya m'manja mwa nonse awiri.

Ndikudziwa zimene zimachitika chaka chikatha mkazi asanaime. Alamu amayamba kumuyang'ana pamimba, apongozi amafunsa mozungulira, ndipo kumpopi azimayi anzake amayamba kunong'onezana zakuti chumba. Mwamuna palibe amamufunsa kanthu. Izi zimandiwawa, chifukwa madokotala amati pa mabanja amene akuvutika kubereka, pafupifupi theka vuto limakhudzanso mwamuna. M'chaka cha 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 aliwonse padziko lapansi amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pamoyo wake, m'mayiko olemera ndi osauka omwe. Makolo athu nawonso ankadziwa kuti mwamuna amatha kukhala gojo, n'chifukwa chake kunali mwambo wolowetsa fisi m'nyumba mwakabisira. Mwambo umenewo sindikuuyamikira, ndipo masiku ano a HIV ndi imfa yeniyeni. Ndautchula kuti muone kuti ngakhale akale sankasenzetsa mkazi yekha mlandu umenewu.

Choncho ndiyamba ndi inu abambo, makamaka inu amene mbandakucha mumakhala muli pa Lumumba Road kapena pa Mungwi Road kulowera ku Heavy Industrial Area. Mbewu ya mwamuna sipangika tsiku limodzi. Imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ikhwime, ndiye kuti mbewu imene mudzapereke mwezi wa Epulo ikupangidwa ndi zomwe mukudya, kumwa ndi kupuma mu Januwale ndi Febuluwale. Mlimi wanzeru amasankha mbewu ndi kukonza munda mvula isanagwe, ndipo kwa inu nyengo yokonzekerayo ndi miyezi itatu.

Mdani woyamba wa mbewu ndi kutentha. Pepani ndinene mosabisa monga mayi wanu: machende anaikidwa kunja kwa thupi chifukwa amafuna malo ozizirirapo kusiyana ndi m'mimba. Inu owotcherera zitsulo, inu oima pafupi ndi ng'anjo kapena uvuni wa buledi, inu oyendetsa mathiraki opita ku Chirundu, ku Nakonde ndi ku Kasumbalesa mutakhala pampando wotentha usana wonse, thupi lanu likulimbana ndi moto umene silinaupemphe. Ntchito simungaisiye, ndikudziwa, pakuti ndi imene ikulipira lendi. Koma mungathe kuvala kabudula wamkati womasuka, kuchoka pamoto nthawi yopuma, ndi kutsika m'galimoto n'kuyendako pang'ono mukaima panjira.

Mdani wachiwiri ndi poizoni wa kuntchito. Mtovu wa m'mabatire akale a galimoto, utsi wa kuwotcherera, penti ndi mankhwala osungunulira penti, komanso mankhwala ophera tizilombo amene ena mumanyamula m'madepoti, zonsezi zimafooketsa mbewu. Za mtovu musafunse kutali, funsani anthu a ku Kabwe zomwe fumbi la mgodi wakale lachita m'magazi a ana awo. Mukapatsidwa magolovesi ndi chophimba kumphuno, valani, ngakhale anzanu akusekeni. Musadye nsima ndi manja a girizi. Ndipo ovololo isamabwere kunyumba kudzagona pabedi kapena kudzachapidwa m'beseni limodzi ndi zovala za akazi anu, chifukwa fumbi la mtovu likalowa m'thupi la mayi limafika mpaka kwa mwana wa m'mimba.

Za mowa ndi fodya mukuzidziwa kale, koma ndinenabe. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma mowa waukali womwewo unabwerera m'timabotolo, ndipo kachasu sanachoke m'komboni. Mowa wa tsiku ndi tsiku, ndudu ndi chamba zimachepetsa mbewu ndi kuifooketsa kuti isathe kusambira kukafika pa dzira. Palinso chinthu china chimene anyamata ambiri amasokoneza. Mphamvu za kuchipinda ndi kubereka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwamuna angathe kukhala wamphamvu usiku wonse, umuna wake ulibe mbewu yamoyo ndi imodzi yomwe. Mutototo ndi maufa ena ogulitsidwa m'misika ndi pamasiteshoni sawonjezera mbewu, ndipo simudziwa zomwe wogulitsayo wasakanizamo. Ndalama imeneyo gulirani mazira ndi nsawa.

Tsopano inu ana anga aakazi. Ambiri mumayamba kudzisamala mimba ikaoneka, pomwe ntchito yaikulu imachitika musanadziwe n'komwe kuti mwaima. Msana ndi ubongo wa mwana zimayamba kuumbika m'masiku 28 oyambirira, nthawi imene inu mukungoganiza kuti msambo wachedwa. Thupi likakhala loperewera vitamini wotchedwa folic acid pa nthawi imeneyo, mwana angabadwe ndi msana wosatsekeka, ndipo ana otere nthawi zambiri mutu wawo umadzaza madzi. Makolo amene anapitapo ndi ana awo ku chipatala cha Beit CURE kuno ku Lusaka akudziwa kulemera kwa mtolo umenewu. Kapilisi kakang'ono ka folic acid, mamaikirogiramu 400 patsiku, kamachepetsa kwambiri ngozi imeneyi mukayamba kumwa miyezi iwiri kapena itatu musanatenge pathupi. Musadikire tsiku loyamba sikelo. Pitani ku kiliniki mukanene kuti mukufuna mwana, anamwino akuthandizani.

Chakudya chokonzekera mimba sichili m'mashopu akuluakulu a m'tauni. Chili ku Soweto Market ndi pa tumisika ta m'komboni mwanu momwemo. Chibwabwa, kalembula ndi bondwe, zimene kwathu kummawa timati nkhwani, kholowa ndi bonongwe, zili ndi folic acid wachilengedwe ndiponso zimawonjezera magazi, bola musaziphike mpaka kuda. Nyemba za kabulangeti, ndiwo zotendera, kapenta wodya ndi minga yake yomwe, vinkubala nyengo yake ikafika, zonsezi ndi zomanga thupi la mayi. Ufa wa rola, umene ena amaunyoza kuti ndi wa amphawi, uli ndi zofunika zambiri kuposa ufa woyera wa bulekifasi chifukwa sanauchotse gaga yense. Mazira idyani. Zakuti mkazi akadya mazira adzabereka mwana wopanda tsitsi ndi zoopsezera chabe. Tiyi musamwere pa chakudya, amatsekereza thupi kutenga zowonjezera magazi za m'ndiwo. M'malo mwake dyani lalanje, bwemba kapena mango mukatha nsima. Mchere gulani wa m'paketi wokhala ndi ayodini, pakuti ubongo wa mwana umaufuna.

Thupi lowonda kwambiri limatha kusiya kutulutsa dzira, ndipo lonenepa kwambiri limathanso kuchita chimodzimodzi. Inu amene mumakhala pa kantemba tsiku lonse ndi vitumbuwa ndi zakumwa zashuga, yambani kuyenda pansi, ndipo mukayezetse shuga ndi BP mimba isanabwere.

Ambiri amalephera kuima chifukwa chosadziwa masiku okha. Dzira la mkazi likatuluka limakhala ndi moyo tsiku limodzi basi, pomwe mbewu ya mwamuna imatha kudikira m'thupi la mkazi mpaka masiku 5. Dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 msambo wotsatira usanayambe. Ngati mumasamba pakatha masiku 28 aliwonse, yambani kuwerenga pa tsiku loyamba kuona magazi, ndipo masiku abwino ndi kuyambira la 10 mpaka la 15. Thupi lenilenilo limakuuzani: chikazi chimakhala choyera, choterera ndi chonanda ngati choyera cha dzira laliwisi. Inu abambo a mashifiti ausiku ndi a maulendo aatali, dziwani masiku amenewa pamodzi ndi akazi anu, chifukwa pali mabanja amene sakudwala chilichonse koma masiku oyenerawo amangowapeza mwamuna ali ku Ndola. Kukhalira pamodzi pakatha masiku awiri kapena atatu aliwonse n'kokwanira. Kusunga umuna mwezi wathunthu kuti uchuluke sikuthandiza. Ndipo ngati munali pa jakisoni wolera wa miyezi itatu, musade nkhawa msanga, thupi limatha kutenga miyezi yambiri, nthawi zina kuyandikira chaka, lisanabwerere m'malo mwake. Jakisoniyo saumitsa chiberekero.

Apa ndiye ndikufuna mutchere khutu, chifukwa ndi pamene mabanja ambiri a m'makomboni mwathu amagwera. Kusabereka kwa akazi ambiri kuno ku Africa kumayamba ndi matenda opatsirana pogonana amene sanachizidwe bwino. Chinzonono ndi chlamydia mwa mkazi nthawi zambiri sizionetsa chizindikiro. Zimakwera mwakachetechete mpaka ku tinjira todutsa mazira n'kusiyamo zipsera zimene zimatseka njirayo. Mkazi amabereka mwana woyamba bwinobwino, wachiwiri osabweranso, anthu n'kumati wamangidwa ndi azakhali ake a kumudzi, chikhalirecho anamangidwa ndi matenda amene mwamuna anabwera nawo kuchokera koyenda. Njira ikatsekeka pang'ono chabe, mimba imatha kukhala m'kanjirako m'malo mwa m'chiberekero, ndipo ikaphulika mayi amataya magazi mpaka kufa ngati sanathamangire naye kuchipatala. Chindoko nacho chimabweretsa kupita padera ndi ntayo, pomwe jakisoni wa penisilini amachichiza. Mukapezeka ndi matendawa, mankhwala mumwe nonse awiri ndipo mumalize. Makapisozi awiri ogula pa kantemba amangogonetsa matenda. Mwamuna amene amakana kupita ku kiliniki mkazi wake atapatsidwa kakalata komuitana, akudzitsekera yekha khomo la ana.

Kayezetseni HIV limodzi musanayambe kufuna mwana. Mmodzi akapezeka ndi kachilomboka, ukwati sunathe ndipo kubereka sikunathe. Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachilombo kosaonekanso m'magazi sapatsira mnzake, ndipo amayi ambiri otere akubereka ana opanda kachilombo. Inu amene munakulira m'mbali mwa Kafue, Luangwa kapena nyanja ya Kariba mukusamba m'madzi oima, muwauze anamwino, chifukwa likodzo limawononganso ziwalo zoberekera.

Kwa alangizi anzanga ndili ndi pempho. Tileke kupatsa ana athu zitsamba ndi maufa oika kumaliseche kuti kukhale kouma. Chikazi chimene tikuumitsacho ndi chimene chimanyamula mbewu kupita nayo ku chiberekero, ndipo khungu likauma limachekeka n'kutsegulira matenda khomo. Kumaliseche kumadziyeretsa kokha, madzi oyera kunja kwake akwanira. Ndiponso mtsikana amene anachotsapo mimba mobisa asaope kuwauza madokotala zoona, pakuti iwo akufuna kudziwa pomwe angayambire kumuthandiza.

Za madzi sindichulutsa, nonse munaona anthu akunyamulidwa kupita ku Heroes Stadium pa kolera wa 2018 ndi wa 2024. Zitsime zosaya za ku Kanyama zili pafupi ndi zimbudzi zokumba. Wiritsani madzi akumwa kapena thiranimo klorini, ndipo mbaula ikolezereni panja, utsi wa makala m'chipinda chotseka si wabwino kwa mayi woyembekezera.

Mukachita zonsezi chaka n'kutha mimba osabwera, nthawi ya chipatala yakwana. Mkazi akapitirira zaka 35 musadikire chaka, miyezi 6 yakwana, chifukwa mazira amachepa ndi msinkhu. Pitani msanga kuposa apo ngati msambo umadumphadumpha, ngati umabwera ndi ululu woopsa kapena magazi ochuluka, ngati mwapita padera kawiri, kapena ngati bambo anadwalapo matsagwidi atakula mpaka kutupa kumusi. Sindinyoza pemphero, inenso ndimapemphera, ndipo sindinyoza mankhwala onse a makolo. Koma muzu sungatsegule njira yotsekeka ndi chipsera, ndipo ndaona akazi akutha zaka zawo zabwino ndi ndalama za chilimba akuzungulira kwa asing'anga ndi aneneri, n'kudzafika kwa dokotala msinkhu utapita.

Yambirani ku kiliniki ya kwanu, kaya ku George, ku Kalingalinga kapena ku Mtendere, kapena ku zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama. Zikafunika akutumizani ku chipatala cha amayi ku UTH. Kuyeza mwamuna n'kosavuta kuposa kuyeza mkazi: amangodziletsa masiku awiri kapena atatu, n'kupereka umuna m'kabotolo kuti akauone pa makina. Palibe jakisoni, palibe mpeni. Choncho inu abambo, musatume mkazi yekha ndi ndalama ya basi. Pemphani tsiku limodzi kuntchito, mupite naye, ndipo muyambe ndinu kuyezedwa.