Kodi Ndipemphere Kuti Mulungu Afafanize Nkhongole Yanga?



Mawu owerenga sabata lino: 2 Mafumu 4:1-7.

Mwina mukuwerenga uthenga uno foni mwaitsekera mawu, chifukwa mukudziwa kale amene akuyitana. Wa kaloba akufuna zake. A landilodi akukumbutsa za renti. Ku village banking dzina lanu lili pakati pa osabweza, ndipo malipiro akalowa, zotsala sizikwana thumba la unga ndi malasha. Tulo sitibwera. Mwasala kudya, mwapemphera, ndipo pa pemphero la usiku wonse munayankha Amen wamphamvu pamene tinapempherera kuti nkhongole zifafanizidwe.

Pempheroli si loipa. Atate wathu safuna kuti mwana wake akhale kapolo wa munthu. Koma muli munthu wina mkati mwake amene sitikonda kumutchula, ndiye mwini ndalama. Pamene inu mukuti, "Ambuye, fafanizani," mlongo wa mu chilimba amene anakupatsani K1,500 nayenso ali pa maondo. Iye akuti, "Ambuye, khudzani mtima wake andibwezere, mwana wanga amuthamangitsa ku koleji." Nonse awiri ndinu ana a Mulungu, ndipo mwina mumakhala pa benchi imodzi m'chalichi. Manje Mulungu ayankhe ndani?

Tiyeni tione mayi wamasiye uja. Mwamuna wake anali mmodzi wa ana a aneneri, munthu woopa Mulungu, koma anamwalira ndi nkhongole. Gwirani mfundo imeneyi, inu amene mdani amakunong'onezani kuti nkhongole ndi chizindikiro choti ndinu wotembereredwa. Munthu wa Mulungu anali nayo. Wokongoza uja anali pafupi kutenga ana ake awiri aamuna kuti akhale akapolo, ndipo mayiyo anathamangira kwa Elisa.

Elisa anali ndi kudzoza kokwanira kutemberera wokongozayo, kapena kumuiwalitsa. Sanatero. Anafunsa mayiyo chimene chinatsala m'nyumba, ndipo munali kambiya ka mafuta chabe. Anamutuma kukabwereka ziwiya zopanda kanthu kwa anansi, azibwereke zambiri, atseke chitseko, ayambe kuthira. Mafuta anayenda mpaka chiwiya chomaliza chinadzaza. Pamenepo mneneri anamuuza kuti akagulitse mafutawo, abweze nkhongole, ndipo zotsalazo adye ndi ana ake.

Chozizwitsa chinachitikadi, aleluya! Koma onani kumene chinathera. Chinathera m'manja mwa mwini ndalama. Mayi anasunga ana ake, wokongoza analandira zake, palibe amene anagona akulira. Ndipo mayiyo anagwira ntchito: anagogoda pa makomo a anansi amene ankadziwa bwino mavuto ake, ananyamula mafuta, anakhala pa msika.

Machaputala awiri kutsogolo, pa 2 Mafumu 6, mnyamata wina akudula mitengo ku Yordano, nkhwangwa inaguluka ndi kugwera m'madzi. Chimene chinamuliritsa n'chakuti inali yobwereka. Mulungu anayandamitsa chitsulo pamadzi kuti chinthu cha mwini chibwerere kwa mwini wake. Ndiye Mulungu amene timapemphera kwa Iye.

Masalimo 37:21 amatcha woipa munthu amene amakongola koma osabweza. Mawu awa ndi olemera, koma tiwamve bwino. Pali kulephera kubweza, pali kukana kubweza. Amene ntchito yatha, amene katundu wake anagwidwa pa boda, amene matenda adya ndalama zonse, ameneyo walephera. Koma amene wasintha nambala ya foni, amene amadzera njira ya kuseri kuti asakumane ndi mwini ndalama, pomwe pa WhatsApp akuonetsa nsapato zatsopano, ameneyo wakana. Kulephera Mulungu amakuchitira chifundo. Kukana kumafuna kulapa, ndipo kusala kudya masiku 21 sikungalowe m'malo mwa kulapa kumeneko.

Wina afunsa, "Abusa, nanga wa kaloba amene akundidya wamoyo?" Funso labwino. Tiyerekeze kuti munatenga K2,000 pa chiwongoladzanja cha theka mwezi uliwonse. Mwezi ukatha mupereka K1,000 chabe kuti akusiyeni. Pakapita miyezi 6 mwapereka K6,000, koma K2,000 ija ikadali yonse. Mulungu sakondwera nazo zimenezi. Pa Eksodo 22 analetsa kudyera mmphawi pa chiwongoladzanja, ndipo analamula kuti chofunda cha chikole chibwezedwe dzuwa lisanalowe, kuti munthu asagone ndi mphepo. Pa Nehemiya 5, anthu atapinyolitsa minda ndi ana awo chifukwa cha njala ndi msonkho, Nehemiya anaitanitsa msonkhano waukulu, nadzudzula olemera pamaso pa onse mpaka analumbira kubweza mindayo. Choncho kupempha kuti chiwongoladzanja chiime ndi chilungamo. Pitani ndi mkulu wa mpingo, mukhale pansi, mulembe zimene mwapereka kale, mupemphe kuti mumalize ndalama munatenga zija basi. Ngati wakusungirani khadi la ATM kapena NRC, kapena akukuopsezani, kauzeni apolisi. Kutero si kusowa chikhulupiriro.

Nanga kukhululukiridwa nkhongole kulipo? Kulipo, ndipo Baibulo lili ndi chaka cha Jubili pa Levitiko 25. Koma wokhululuka ndi mwini ndalama, mwa kufuna kwake. Inu simungadzikhululukire nokha m'chipinda chanu n'kunena kuti Mzimu wandiuza. Akakukhululukirani, landirani ndi manja awiri, muyamike Mulungu, ndipo musinthe mayendedwe. Dziko lathu lomwe lino ndi phunziro. Mipingo inalimbikira pa kampeni ya Jubilee 2000, ndipo mu 2005 Zambia inakhululukiridwa gawo lalikulu la nkhongole zake zakunja. Pofika November 2020 tinali talepheranso kulipira. Nkhongole ikafafanizidwa koma dzanja lokongola lili lomwe lija, imabweranso ndi abale ake.

Tsono mupemphere bwanji sabata lino?

Yambani ndi choonadi. Tengani kope ndi bolopeni, mulembe dzina lililonse ndi ndalama zake, kuyambira ya banki mpaka K50 ya amayi ogulitsa tomato, osaiwala ija munatenga pa foni pakati pa usiku. Ambiri amaopa kuphatikiza. Phatikizani, muike pepalalo pamaso pa Ambuye monga Hezekiya anachitira ndi kalata yomuopseza. Ngati muli pabanja, amuna anu kapena akazi anu aione. Nkhongole yobisa imapha ukwati msanga kuposa umphawi.

Tchulani m'pemphero munthu aliyense amene ali pa pepalapo, mumudalitse. N'zovuta kuthawa munthu amene mwamutchula pamaso pa Mulungu m'mawa. Mukatero muimbireni foni inuyo, asanayambe ndiye. Miyambo 6 imalangiza munthu wokodwa ndi lonjezo lake kuti adzichepetse, apite kwa mnzakeyo tsiku lomwelo, asagone. Nenani zimene mungathe, ngakhale K100 pa sabata, ndipo muzisunge. Musalonjeze za Lachisanu pomwe mukudziwa kuti Lachisanu mulibe kanthu.

Dzifunseni funso la Elisa. M'nyumba mwanu muli chiyani? Makina osokera amene agona kumbuyo kwa chitseko, luso loluka tsitsi, kamunda ka rape, foni yachiwiri, TV yaikulu imene mungagulitse. Pemphererani chimenecho, chifukwa Mulungu anachulukitsa zimene zinalipo.

Tsekani chitseko. Osatenga kaloba kuti mubweze kaloba. Osaika ndalama za renti pa betting poyembekezera kuti Mulungu adalitsa tikiti. Ndipo tikunena mwachikondi, osakongola kuti mubzale mbewu pa guwa. Pa 2 Akorinto 8:12 Paulo akuphunzitsa kuti chopereka chimalandiridwa molingana ndi zimene munthu ali nazo. Ndalama za mlongo wanu amene akulira si mbewu yanu.

Kwa inu amene munakongoza ena, werengani Mateyu 18:23-35. Kapolo anakhululukiridwa matalente 10,000, koma anagwira mnzake pakhosi chifukwa cha madinari 100. Kufuna zanu si tchimo. Koma m'bale akabwera ndi pepala lake ndi misozi, mumvetsereni, mumupatse nthawi, ndipo musamuyalutse pa gulu la WhatsApp. Ngati Ambuye akudalitsani, mwina inuyo ndinu yankho limene wakhala akupempherera.

Mawu amodzi kwa inu amene mwafika poganiza kuti kufa n'kwabwino. Moyo wanu sunagulidwe ndi kwacha, unagulidwa ndi mwazi wa Yesu. Ana anu akufuna inu, ngakhale muli ndi nkhongole. Lero lomwe lankhulani ndi abusa, mtsogoleri wa selo yanu, kapena imbani Lifeline pa 933, ndi yaulere. Musagone nalo nokha ganizo limeneli.

Tipemphere.

Atate wakumwamba, mukudziwa ngwee iliyonse imene ndili nayo kwa anthu. Ndikhululukireni pamene ndinabisala ndi pamene ndinanama. Chotsani manyazi ndi mantha, mundipatse mphamvu yoyang'ana anthuwa m'maso. Dalitsani aliyense amene anandikongoza, mufewetse mitima yawo. Thyolani goli la kaloba pa nyumba yanga. Chulukitsani mafuta ochepa amene ndili nawo mpaka ndibweze zonse, ndipo zotsala zidyetse ana anga. M'dzina lamphamvu la Yesu Khristu, Amen.

Tumizirani uthenga uno m'bale kapena mlongo amene mukudziwa kuti akulemedwa. Ambuye akudalitseni, mukhale ndi sabata labwino.