Dzina la mtundu litasanduka mlandu

Pali mawu ena achingerezi amene analowa m'nyumba mwathu osaodira. Amodzi mwa iwo ndi vandalism. Mkulu wa ESCOM akamadandaula pa wailesi za matransifoma, kapena wa bungwe la madzi akamalira mapaipi, mawuwa sasowa, ngakhale nkhani yonse ikhale m'Chichewa. Kuno ku Sanga, m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kumene chilankhulo cha pakhomo ndi Chitonga, ngakhale madala a komiti ya mjigo amati "vandalizimu yachuluka". Koma kodi tikamatero timakhala tikunena chiyani, nanga chala chathu chimaloza yani?

Ambiri sitidziwa kuti Vandal linali dzina la mtundu wa anthu, monga tinenera kuti Mtonga, Mngoni kapena Mlhomwe. Anali anthu a ku Ulaya, abale awo a Majeremani, amene anayenda kudutsa kumene lero kuli France ndi Spain, naoloka nyanja kulowa mu Africa muno mu 429. Mu 439 analanda mzinda wa Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia. Mu 455 mfumu yawo Gaiseric inatsogolera asilikali ku Rome, ndipo anakhala masabata awiri akututa golide, siliva ndi anthu omwe. Kuba anaba ndithu. Koma mzindawo sanautenthe, ndipo mbiri imati Papa Leo I ndiye anawachonderera kuti asatero. Ufumu wawo unagwa mu 534, osasiya mabuku ofotokoza mbali yawo. Amene anagwira cholembera anali adani awo.

Patapita zaka zoposa 1,200, mu 1794, bishopu wina wa ku France, Henri Grégoire, anaona anzake osintha boma akuphwanya ziboliboli za mafumu, matchalitchi ndi mabuku akale. Anafuna mawu oluma, owachititsa manyazi, ndiye anatola dzina la mtundu wakufa uja napanga vandalisme. Cholinga chake chinali chabwino, kupulumutsa chuma cha dziko. Koma taonani chimene anachita: mlandu wa Afalansa anausenzetsa anthu amene analibe pakamwa poyankhira.

Ife a kuno nkhaniyi iyenera kutiyabwa. M'zaka za m'ma 1870 Atonga ankakhala m'malinga ku Chintheche ndi ku Bandawe kuopa nkhondo za Angoni, ndipo amishoni a Livingstonia atasamukira ku Bandawe mu 1881 anapeza mantha amenewa akadali amoyo. Tangoganizani mmishoni wina akanalemba m'buku lake kuti kutentha nkhokwe za eni ake kuzitchedwa "ungoni", mawuwo nkukhazikika m'madikishonale a dziko lonse lapansi. Bwenzi lero mwana wa ku Mzimba akumva dzina la agogo ake nthawi iliyonse mbava ikadula waya. Akanavomera ndani?

Komabe Mavandalo anatha, sabwera kudzatisuma. Chimene chimandivuta kwambiri ndi momwe mawuwa amagwirira ntchito pakati pathu. Ali ngati thumba la m'golosale, limene mumaponyamo sopo, usipa ndi palafini pamodzi.

Muli m'thumbamo munthu amene amazula chikwangwani cha pa msewu wa M5 kukapangira mbaula, ndi mnzake wokhetsa mafuta a mu transifoma nkusolola kopa kukagulitsa. Ameneyu ndi mbava, basi. Sadana ndi magetsi, akufuna ndalama, ndipo kumbuyo kwake kuli wogula amene manja ake sada. Muli mnyamata woledzera amene waswa galasi la kalasi popanda chimene wapindula. Mulinso khamu laukali limene laphwanya ofesi chifukwa latopa nkulankhula ndi khoma. Anthu atatuwa mitima yawo njosiyana, mankhwala awonso ngosiyana. Kuwatcha dzina limodzi nkuthawa ntchito yoganiza.

Wachitatuyu ndiye amavuta. Kumayambiriro kwa 1959 anthu kumpoto kuno ankatseka misewu ndi mitengo pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kwa boma la atsamunda amenewa anali oononga. Pa 3 March chaka chomwecho asilikali anawombera anthu pa doko la Nkhata Bay, amene anasonkhana pomwe abale awo omangidwa anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Lero tsikulo ndi tchuthi, ndipo akuluakulu amabwera ndi nkhata za maluwa. Mu 2015 ophunzira a pa University of Cape Town anathira zonyansa chiboliboli cha Cecil Rhodes. Ambiri anafuula kuti vandalism. Patangotha mwezi, akuluakulu a sukuluyo anabweretsa okha chimakina nkuchinyamula, ndipo pamenepo panalibenso wotchula mawu aja. Chiboliboli nchomwecho, kuchoka nkomweko. Chinasiyana ndi chidindo pa kalata.

Musandimve molakwa, abale. Sindikuti aliyense wonyamula mwala ndi mfulu yomenyera dziko. Pa zionetsero za 20 July 2011 ena anapita kukanena za mafuta ndi ulamuliro, ena anapita kukasenza katundu wa m'masitolo a eni ake, ndipo mwini kagolosale amene anataya mpamba wake sanali nduna. Transifoma ikaphedwa, bwana wa mu Lilongwe amangoliza jenereta. Amene amavutika ndi mayi wochira usiku pa chipatala chaching'ono, nyali ya foni ili m'manja mwa namwino, ndi wachigayo amene watseka, ndi msodzi amene nsomba zake zaola posowa ayezi. Wakuba uja amati wabera boma. Wabera azakhali ake. Mawu oti "nzaboma izi" apha zinthu zambiri m'dziko muno kuposa chiswe. Choncho pamene aphungu anakhwimitsa lamulo la magetsi mu 2024, kuti oononga zipangizo azikhala m'ndende mpaka zaka 30, ine sindinakhetse msozi.

Chimene ndikukana nchakuti mawuwa amayang'ana pansi pokhapokha. Mwana akaswa galasi limodzi, vandalizimu. Nanga denga la kalasi likadontha zaka zisanu mpaka mabenchi onse kuola, mafaelo ali chigonere pa tebulo la munthu wolandira malipiro mwezi ndi mwezi? Nanga kontilakitala akadya simenti, mlatho nkukokoloka ndi mvula yoyamba? Nanga phiri likametedwa mpala, dothi nkutsikira m'nyanja momwe chambo chimaswanirana? Zimenezi timazipatsa maina aulemu: kuchepa kwa ndalama, zovuta zina, nyengo. Chinthu chafa chimodzimodzi, koma wochipha wavala tayi, ndipo sanagwire nyundo. Mwina nchifukwa chake ena safuna kutanthauzira mawuwa m'chilankhulo cha anthu.

Pakuti Chichewa sichisowa ponena. Tili ndi kuba, kuphwanya, kugumula, kusakaza, kuononga, kulekerera. Onsewa ndi aneni, ndipo mneni amafuna mwini: waba ndani, walekerera ndani? Koma vandalizimu imangoti "yachuluka", ngati nkhungu zouluka pa nyanja, zopanda mwini. Pa msonkhano wa mjigo munthu akati "vandalizimu", onse amagwedeza mitu nkubalalika. Wina akati "mabawuti a mjigo abedwa, ndipo ndalama zokonzera zimene tinasonkha sizikuoneka", pamakhala chete wina wake, ndipo msungichuma amayamba kufunafuna kope lake m'thumba.