Kodi Tikonzekeretu Kapena Tingotsata Mtima?

Anzanga acinyamata, poonerera makatuni pa TV, kodi munaganizapo za nchito ya owajambula? Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Kawirikawiri wojambula ndi manja amajambula 12, ndipo ciliconse cimaonetsedwa kawiri. Motero mphindi imodzi imafuna zithunzi 720.

M'buku lawo la mu 1981, The Illusion of Life, Frank Thomas ndi Ollie Johnston, amene anali ojambula a Walt Disney, anafotokoza njira ziwiri zogwirira nchitoyi. M'njira yoyamba, munthu amajambula cithunzi coyamba, caciwiri, cacitatu, kungotsata kumene dzanja limtsogolera. Zotuluka zimakhala zamoyo, ndipo njirayi imayenera bwino pojambula moto, madzi ndi utsi. Koma pali ngozi. Galu amene anayamba ndi mutu waung'ono akhoza kufika kumapeto mutu utakula, cifukwa cithunzi ciliconse cimasiyana pang'ono cabe ndi cinzake, ndipo wojambula saona kuti akusocera.

M'njira yaciwiri, amayamba wajambula zithunzi zikuluzikulu: galu atagwada, ali m'mwamba, atatera pansi. Zapakati amadzaza pambuyo pake. Galuyo sasintha maonekedwe ndipo amatera pa nthawi yake, koma mayendedwe ake akhoza kuuma ngati a cidole.

Nanga inu mujambula bwanji moyo wanu? Ena amati, "Ine ndimangotsata mtima." Ufulu umenewu ndi wokoma, koma kumbukirani galu uja. Bodza laling'ono lero, kujomba kusukulu mawa, ndipo pakatha zaka zitatu makolo anu sakuzindikiraninso. Akulu anati ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Enanso amakonza zonse mpaka caka ca ukwati. Akalephera mayeso a Giredi 12, kapena wowalipirira sukulu akamwalira, amataya mtima ngati kuti moyo watha. Ndiponso sapeza mpata woima kuti athandize mnzawo amene sanali m'mapulani awo.

Ojambula aluso ambiri amaphatikiza njira ziwirizi. Amakhazika zithunzi zikuluzikulu zowerengeka, kenaka pakati pake amalola dzanja kumasuka. Inunso sankhani zinthu zocepa zimene simudzasuntha ngakhale zitavuta: kunena zoona, kusunga lonjezo, kudya za thukuta lanu. Nchito imene mudzagwira ndi tauni imene mudzakhalamo zikhoza kusintha, ndipo musaope zikasintha. Sabata ino, khalani pansi mulembe zitatu zanu, ndipo mukambirane ndi anzanu m'gulu.