KODI WOGULITSA WOSAONEKA NKHOPE ANGAKHULUPIRIKE?

Pa msika wa kumudzi wogula aona nkhope ya wogulitsa, nadziwa mudzi wace ndi abale ace. Koma pa okushoni ya pa intaneti munthu apikisana ndi anzace pa mtengo wa galamafoni, amplifaya kapena masipika akale, napereka ndalama zace kwa mlendo, cifukwa ca ciwiya cimene sanamve kulira kwace. Kodi kutero ndi nzeru kapena kupusa?

Cithunzi cikondweretsa maso, koma khutu sicilipatsa kanthu. Amplifaya yonyezimira ikhoza kukhala ndi makapasita ouma m'kati; m'mphepete mwa sipika mumafumbwa ndi zaka; singano yakutha iononga mbale za nyimbo. Akulu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Zirema izi azidziwa ndi mwini yekha.

M'caka ca 1970 George Akerlof, katswiri wa za cuma wa ku America, analongosola tsoka la msika wotere: ogula akamaopa kunyengedwa, akana mtengo wabwino; pamenepo eni katundu wabwino acoka, natsala eni zoipa. Cotero wonama mmodzi abera wogula, naberanso ogulitsa onse oona mtima.

Ciyambi ca eBay ciri ndi phunziro. M'caka ca 1995 Pierre Omidyar anagulitsa kanyali kolozera ka laser, kakufa, pa madola 14.83.  Malonda aja anali olungama, pakuti cirema cinanenedwa poyera.

M'caka ca 1996 ogula ndi ogulitsa anayamba kulemberana umboni, kuti mbiri ilowe m'malo mwa nkhope. Koma mbiri nayonso inyenga. Wina aunjika matamando pogulitsa tinthu tacabe, kuti pambuyo pace abe pa cinthu ca mtengo wapatali; wina atuma bwenzi lace kukweza mtengo monyenga. Ndipo popeza ogula ankaopa kubwezeredwa coipa akanena zoona, m'caka ca 2008 eBay inaletsa ogulitsa kulembera ogula umboni woipa.

Tsono wogula wanzeru sawerenga matamando okha, koma afunsa. Kodi wogulitsa achula yekha cirema ca katundu wace? Aonetsa nambala ya ciwiyaco? Akati sanaciyese, anena cifukwa cace? Alola kucibweza? Kapena akakamiza kuti ndalama zipite njira ina yamseri? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodzitama yekha ndi wokayikitsa. Wonena cimene cingatsitse mtengo wace waonetsa kuti coonadi aciyesa coposa phindu.

Wogulanso ali ndi mangawa. Akanyengedwa nakhala cete, wakumbira mbuna mnzace wobwera m'mbuyo. Akanenera zoipa wosalakwa, wamlanda dzina limene ndilo cuma cace. Kukayika onse kupha msika, ndipo kukhulupirira onse kudyetsa mbala. Cikhulupiriro coyenera cikula monga mwa umboni, ndipo umboniwo aumanga ndi anthu osaonana, pamene yense anena zoona za mnzace.