Kodi Munthu Amayezedwa pa Sikelo?

Tonse kuno kwa Kapichi timaidziwa sikelo ya ku esiteti. Wothyola tiyi amabwera ndi dengu lake, kalaliki amalemba makilogalamu, ndipo malipiro amatsata nambalayo. Poyeza masamba a tiyi, sikelo ndi yofunikadi. Funso la phunziro lathu ndi ili: kodi sitinayambe kuyezanso anthu momwemo?

Mwamuna timamuyeza ndi zimene manja ake abweretsa pakhomo. Mkazi timamuyeza kawiri: ndi ntchito, monga kutunga madzi ndi kulima, komanso ndi kukwatiwa ndi kubereka. Choncho mtsikana wosaona, wosamva kapena woyendera ndodo amaoneka woperewera pa sikelo zonse ziwiri. Mlongo wake akamapita kusukulu, iye amatsala pakhonde. Akakula n'kutenga pakati, anthu amadabwa ngati kuti umayi si wake. Akachitiridwa nkhanza, makamaka ngati salankhula, mlandu umatha kuferatu pamudzi chifukwa chosowa womasulira chinenero chamanja.

Mtolowu umagweranso mayi wobereka mwana waulumali. Chala chimaloza iye: ati analakwira mwambo, ati kwawo kuli ufiti. Abambo ena amalongedza katundu n'kuchoka pachikamwini, mayi n'kutsala yekha ndi funso la m'mawa uliwonse: akathyole tiyi kapena asamale mwana?

Taganizirani tsopano za wailesi ndi nyuzipepala. Nthawi zambiri mayi waulumali amaonekamo pa mwambo wolandira thandizo. Dzina la wopereka limatchulidwa, mtengo wa katundu umalengezedwa, koma iye amangokhala mmodzi mwa opindula, ndipo mawu ake ndi othokoza basi. Kupereka si kulakwa. Koma ndi kangati pamene mtolankhani amamufunsa maganizo ake pa mtengo wa feteleza kapena pa chisankho? Tikazolowera kumuona akulandira, timaiwala kuti ali ndi nzeru zoti apereke.

Anthuwa si ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 10 mwa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza ufulu wawo mu 2012, ndipo mu 2024 panabwera lamulo latsopano. Tili ndi chitsanzo cha Mayi Rachel Kachaje, amene anadwala poliyo ali mwana. Iwo anali mmodzi mwa atsogoleri a bungwe la FEDOMA, ndipo mu 2013 Pulezidenti Joyce Banda anawasankha kukhala nduna yoona za anthu aulumali ndi okalamba. Anamwalira mu 2020. Moyo wawo ukusonyeza zimene dziko limataya likatsekera mtsikana m'nyumba.

Komabe tisamale. Tikanena kuti mtsikana waulumali aphunzire chifukwa mwina adzakhala nduna, ndiye kuti tangobweretsa sikelo ina. Nanga amene sadzatha kuwerenga ngakhale dzina lake? Timaphunzira kuti mzimu wa munthu si wamwamuna kapena wamkazi, ndiponso kufooka kwa thupi sikuuchepetsa. Ngati zili choncho, ulemu wake sauchita kugwirira ganyu. Anabadwa nawo.

Wina angafunse: pakhomo posauka, kodi si nzeru kuphunzitsa mwana amene adzathandize banja msanga? Umphawi ndi weniweni, ndipo kholo lotere sitiyenera kulinyoza. Koma funsoli likuonetsa kuti tasiyira banja limodzi mtolo wa mudzi wonse. Akuluakulu anati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Ngozi, matenda kapena ukalamba zingafikire aliyense wa ife. Njira imene tikonzera mnzathu lero, mawa tidzayendamo ndife.

Mafunso okambirana

1. M'dera lathu, ndi atsikana ati amene sapita kusukulu kapena ku makalasi a ana chifukwa cha ulumali? Kodi tinawafunsapo iwo ndi amayi awo chimene chimawaletsa?

2. Malo amene timakumaniranawa, kodi mayi woyendera njinga angalowemo? Nanga wosamva angatsatire bwanji zokambirana zathu?

3. Ndi mayina ati amene timaitanira anthu aulumali, omwe ifeyo sitingakonde kuitanidwa nawo?

4. M'makomiti a m'mudzi mwathu, kodi amayi aulumali amalankhula okha, kapena ena amawalankhulira?